Chilazi Chilibe Lisiti

Kompadre wanga Wilfrido Paternina, bambo a mwana wanga wa ubatizo, ndi munthu woti sangabwere kwanu chimanjamanja. Akasowa chobweretsa amalolera kudzera msewu wina kuti musamuone. Khalidwe limeneli anthu amalitamanda, ngakhale ine ndinkalitamanda, koma ndi lomweli lamufikitsa pamene ali leropa, ndipo ndikamuona mtima umandiwawa.

Ine ndine Nurys. Ndimakazinga zitumbuwa za chimanga zoika dzira mkati pakona ina kuseri kwa msika kuno ku Sincelejo, pansi pa mtengo wa mango pamene amuna a kabaza amaimika njinga zawo zamoto podikira okwera. Zochitika pakonapo zimandipeza ndili pachiwaya, ndifune ndisafune. Wilfrido anafika pamenepa ali mnyamata wowonda, atathawa nkhondo kumapiri kwawo pamodzi ndi mayi ake. Anasiya munda wa chilazi, bulu mmodzi ndi manda a bambo ake. Za bambo akewo amakamba chinthu chimodzi chokha, kuti madzulo ankalowa pakhomo ndi thumba paphewa n'kulitula pakhonde osanena kanthu. Kwawoko ndalama zinali za alendo, anthu oti mwina simudzaonananso. Wachibale unkamupatsa chinthu cholemera, choti anthu akuone ukupita nacho.

Mumzinda muno anayamba ndi kunyamula katundu wa eni mumsika, kenako anaphunzira njinga yamoto, ndipo atasonkhanitsa kangachepe anatenga yakeyake pangongole, yofiira, imene ankaipukuta kuposa mmene ankadzisamalira mwini wake. Masiku amenewo ndi pamene anapeza Ledys, telala wa kufupi ndi kwathu, mkazi wa luso m'manja komanso wosasunga mawu m'kamwa. Atabadwa mwana wawo wamkazi Marelvis, anandipempha kuti ndimunyamule pa ubatizo. Kuyambira tsiku limenelo Wilfrido ndi kompadre wanga, Ledys ndi komadre wanga, ndipo anthu otero kuno satukwanana ngakhale zitavuta chotani. Ndameza mawu ambiri chifukwa cha ubatizo umenewo.

Banjalo linatha Marelvis atangoyamba sukulu. Zifukwa ndikuzidziwa koma sindizinena, poti aliyense anali ndi mbali yake. Anapita ku ofesi yoona za mabanja, kumene anagwirizana kuti Wilfrido azipereka ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse yosamalira mwana, ndipo onse awiri anasaina. Miyezi yoyambirira ankaperekadi. Koma ankabwerako nkhope itagwa, n'kukhala pabenchi osafuna ngakhale khofi.

"Komadre," anandiuza tsiku lina, "ndikamamuwerengera Ledys ndalama m'manja ndimamva ngati mwanayo ndinachita kubwereka, ndiye ndikulipira lendi."

Choncho anabwerera ku za bambo ake. Loweruka lililonse ankafika ndi thumba la chilazi, nthochi zophika, tchizi, nthawi zina nsomba. Sukulu ikamatsegulira ankaonjezamo nsapato ndi makope. Popeza iye ndi Ledys sankayankhulana, thumbalo ankalisiya pansi pa tebulo langa, Ledys n'kudzalitenga poweruka. Ankalisuzumira, n'kulinyamula, koma sankachoka asanasiye mawu ake.

"Komadre, muwauze bambo a mwanayo kuti a magetsi salandira chilazi. Eni nyumba nawonso ndinawayesa tchizi, akana."

Mawuwo ndinkawafikitsa monga ndawamvera. Wilfrido ankangoseka, amvekere Ledys sangagone asanadandaule. Chaka china atamva kuti chakudya chikumawonongeka ndi kutentha, anakatenga filiji pangongole n'kuitumiza kwa Ledys pangolo, anthu a mumsewu wonse akuona. Ledys anailandira. Mwezi wotsatira bilu ya magetsi inakwera, ndipo uthenga umene anandipatsira tsiku limenelo sindinaufikitse wonse.

Koma chimene Wilfrido ankadzukira chinali ulendo wa m'mawa. M'mawa ndi nthawi ya ndalama kwa wakabaza, aliyense akuthamangira kuntchito, okwera amachita kulimbirana njinga. Wilfrido nthawi imeneyo sankanyamula munthu, ngakhale wina alonjeze kuwirikiza mtengo. Ankadikira Marelvis. Mtsikanayo ankabwera ndi chikwama kumsana, n'kulandira chitumbuwa chake kwa ine, bambo ake n'kumuveka chipewa cha njinga chachikasu chimene munthu wina aliyense sankaloledwa kuchigwira. Ankanyamuka pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, mwana akulongolola kumbuyo atawagwira bambo ake m'chiuno, bambo akungogwedeza mutu. Anzake ankamunena kuti akuperekeza maliro. Kuyambira miyendo ya mwanayo isanafike popondera mpaka anakhala namwali wa sekondale, ulendowo unaphonyeka kamodzi kokha, tsiku limene Wilfrido anaika mayi ake m'manda. Pa zonse za banja lija, chimene anatsala nacho chinali chimenechi.

Matenda a mayi akewo ndi amene anamugwetsa. Mankhwala, maulendo a kuchipatala, pomaliza bokosi. Anakongola kwa a katapila aja amabwera tsiku ndi tsiku awiriawiri panjinga, ndipo pofuna kuwachotsa pakhomo anakatenga ngongole ina kubanki. Njinga yofiira ija inali itatha kale, yachiwiri anali asanamalize kulipira, filiji chimodzimodzi. Foni inkalira osapuma. Zinafika poti akaona munthu wopisira malaya akubwera ndi chikwama cha mapepala, ankazemba kuseri kwa mango. Munthu wodya zitumbuwa zitatu anayamba kunena kuti wadya kale kunyumba, kunyumba komwe kunalibe womuphikira.

Ndiye wina anamutsina khutu za njira imene ilipo yothandizira anthu amene ngongole zawafika m'khosi. Umapita kwa mkhalapakati wovomerezeka, umatchula molumbira onse amene uli nawo ngongole, iye amawaitana pamodzi, n'kugwirizana kuti uzilipira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ukamasunga panganolo palibe amene amakulanda katundu. Wilfrido anapita. Mkhalapakati wake anali loya wamkazi, mayi Vergara. Zinayenda bwino, a banki anavomera, a sitolo ya filiji anavomera, ogulitsa njinga nawonso anavomera. Tsiku limene anasaina anafika pakona akuimba hutala ngati wakwatira, ndipo anagulira aliyense khofi, pangongole kwa ine.

"Komadre, lero ndikagona tulo. Onse ndawatchula, palibe ndamusiya."

"Onse?"

"Onse. A loya anandifunsa mobwereza, ine ndati palibenso wina."

"Nanga za Marelvis zija munasaina ku ofesi ya mabanja?"

Anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. Sikuti ankabisa, ayi. Ndinaona ndi maso angawa kuti nkhaniyo inali isanamudutse m'mutu n'komwe.

"Komadre, mwana wanga ndimuike pamzere umodzi ndi sitolo ya mafiliji? Marelvis si ngongole. Thumba lija simumaliona? Limagona pansi pa tebulo lanu lomweli."

"Ine ndimaliona. Kaya boma."

"Boma silidya chilazi, lingadziwe chiyani."

Anzake anaseka, iye n'kuseka nawo. Ndinafuna kulimbikira, koma munthuyo anali asanaseke miyezi yambiri, ndipo panali anthu.

Kutacha, ali panjinga, anamuuza Marelvis nkhani yabwinoyo. Mwanayo posangalala anakaifikitsa kwa mayi ake yonse yathunthu, kuti bambo apuma tsopano, aliyense amene ali naye ngongole azilandira pa tsiku lake mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene wasiyidwa.

Ledys anabwera kwa ine lisanafike Loweruka. Sanaime monga mwa masiku onse, anakhala pabenchi n'kupinda manja. Pamenepo m'pamene ndinaona mmene wakalambira. Maso anali atayamba kumuvuta moti ulusi ankachita kumulowetsera Marelvis, ntchito inali itachepa, ndipo lendi anali atatsalira nayo kwambiri. Zonse zofuna ndalama pamwana uja, mayeso, mankhwala, madzi, denga lenilenilo, zinali zikutuluka m'makina ake osokera zaka zonsezi.

"Komadre, ndamva kuti sitolo ya filiji ili ndi tsiku lake. Banki ili ndi tsiku lake. Mwana wanu wa ubatizo alibe tsiku."

"Munthuyo sanachite dala, komadre. Kwa iye mwana si ngongole."

"Kwa ine ndi ngongole, chifukwa ndine ndimakongola. Ndinkati bamboyu alibe, ndiye ndinkangopirira. Lero ndamva kuti zilipo, koma zikupita kwa amene amadziwa kuimba foni."

"Ndiloleni ndiyankhule naye."

"Mwayankhula naye zaka zonsezi. Mayankho ake amabwera m'thumba."

Ankanena zoona. Loweruka limenelo thumba analitenga ndithu, poti njala siikwiya nawo, koma Lolemba anapita kukhoti.

Panapita miyezi, Wilfrido akusunga pangano lake osaphonya. Anali atayambanso kunenepa. Kenako kunabwera pepala la kukhoti lonena kuti njinga yake igwidwe chifukwa cha ndalama za mwana zimene sanapereke kuyambira chaka chija anayamba za matumba. Analiwerenga ataimirira, n'kuliwerenganso atakhala pansi. Ndinaona kuti sakanatha kuyendetsa, ndiye ndinazimitsa moto, tinakwera basi kupita kwa mayi Vergara.

Mayiwo atawerenga pepalalo anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Bambo Paternina, ndinakufunsanitu."

"Munandifunsa za ngongole, mayi."

"Imeneyi ndiye ngongole yoyamba pa zonse. Ya mwana imakhala patsogolo pa banki, patsogolo pa sitolo, patsogolo pa aliyense. Ndipo pangano lathu lija silingatseke khoti pakamwa pa nkhani ya mwana."

Anatifotokozera modekha kuti njira ndi imodzi. Aitanenso onse aja, nthawi ino pamodzi ndi Ledys, ndalama za mwana zilowe m'panganomo. Ledys avomere kulandira pang'onopang'ono, enawo avomere kukhala kumbuyo kwa mwanayo. Akakana, pangano lonse ligwa, aliyense abwera ndi pepala lake, ndipo wina angathe kunena kuti Wilfrido analumbira zabodza.

"Nanga chilazi chonse chija?" anafunsa Wilfrido. "Nsapato? Filiji?"

"Malisiti muli nawo?"

"La filiji lilipo. Koma chilazi ndani amapereka lisiti, mayi?"

"Pepala limene munasaina likunena ndalama. Zinazo ndi mphatso, pokhapokha mayi a mwanayo atavomera okha kuziwerengera."

Mawu akuti mphatso anamulasa kuposa ena onse. M'basi pobwerera ankangowabwereza chapansipansi.

Pakona pathu pali Dagoberto, wakabaza wodziwa malamulo onse ngakhale sanapambanepo mlandu, ngakhale wa nkhuku. Atamva nkhaniyi anaimika njinga n'kubwera atatukula chifuwa.

"Achimwene, musakalowe mmenemo ngati mbuzi yopita kumsika. Inu mwakhala mukunyamula pasinjala ulele zaka zonsezi, nthawi ya ndalama. Werengerani ulendo uliwonse pa mtengo wa kabaza, muone ngati si mayiwo amene atsale ndi ngongole kwa inu."

Anyamata anatulutsa mafoni n'kuyamba kuchulukitsa, akukangana za masiku a tchuthi. Atapeza chiwerengero chake anachitchula mokweza, wina n'kuimba mluzu. Wilfrido anapsa mtima. Anamuuza Dagoberto kuti akadzatchulanso mwana wake kuti pasinjala adzameza mano. Ine ndinamukokera pambali.

"Kompadre, zimenezi musakazitchule kumeneko."

"Mukundiyesa ndani, komadre? Ndingawerengere mwana wanga mtengo?"

Ndinamukhulupirira, ndipo iyenso ankadzikhulupirira. Koma chiwerengerocho chinali chitalowa m'khutu.

Tsiku la msonkhano aphunzitsi anali pa sitalaka, ndiye Ledys anabwera ndi Marelvis n'kumuuza kuti adikire pabenchi la m'khonde. Ine ndinalowa ngati mboni ya matumba. Magetsi anali atazima, m'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni, choncho chitseko anachisiya chotsegula. Kunali wa kubanki, wa kusitolo ya filiji, ndi bambo wina wonenepa wochokera kwa ogulitsa njinga, amene ankangodzikupiza ndi mapepala.

Mayi Vergara anayamba kutchula amene Wilfrido ali nawo ngongole, motsata amene ayenera kulandira poyamba. Dzina loyamba linali Marelvis Paternina, woimiridwa ndi mayi ake. Wilfrido anaweramitsa mutu ngati wamenyedwa pakhosi. Atatchula kuchuluka kwa ndalamazo, wa kubanki anasiya kulemba.

Ledys ndimupatse ulemu wake. Sanabwere kudzapha munthu. Anayankhula asanandifunse n'komwe umboni wanga.

"Filiji ndikuivomera, mtengo wake uchotsedwepo. Nsapato ndi makope ndikuvomera. Chilazi tinadya, sindingakane pamaso pa komadre wanga, muchotsepo chimene mukuona kuti n'choyenera. Zotsalazo azipereka pang'onopang'ono. Koma gawo lina ndikulifuna tsopano, chifukwa eni nyumba andipatsa mwezi uno wokha, ndipo mwanayo sangagone m'filiji."

Ndalama zinatsika ndithu, koma zotsalazo zinali zikadali phiri. Apa m'pamene wonenepa uja anasiya kudzikupiza. Anati iwo anavomera kudikira poganiza kuti ali kutsogolo. Ngati tsopano mwana ndiye ayambe kudya, iwo azilandira nyenyeswa, ndiye kuli bwino njingayo igulitsidwe ikadali ndi mtengo, iwo atenge zawo, zotsala zipite kwa mayiwo. Wa kubanki anagwedeza mutu kuvomereza. Wa kusitolo anati iye atsata anzake.

Ndinamuona Wilfrido akusintha nkhope. Sankaganiza za chitsulocho, ndikudziwa. Ankaona m'mawa wake ukupita. Anayang'ana mayi Vergara, anayang'ana ine, ngati munthu amene akumira akufuna pogwira, ndipo chimene anachipeza pafupi chinali cha Dagoberto. Anaimirira.

"Nanga maulendo? Mwachotsa filiji, mwachotsa nsapato, maulendo bwanji? M'mawa uliwonse ndakhala ndikumunyamula ulele, nthawi ya ndalama. Mukudziwa okwera amene ndataya chifukwa cha iyeyo? Pa mtengo wa kabaza zimenezo ndi ndalama, ziwerengedwe."

Ndipo anachitchula chiwerengero chija, chonse, osaphonya ndi peso imodzi.

Ine ndinacheukira kuchitseko, ndipo Marelvis anali ataima pamenepo. Kaya anabwera kudzapempha madzi, kaya anamva dzina lake, sindikudziwa. Sanalire. Anawayang'ana bambo ake kanthawi, kenako anabwerera kubenchi kwake. Wilfrido anatsata maso anga mochedwa, anangoona msana.

Chondipweteka n'chakuti mawuwo sanagule kanthu. Mayi Vergara anati maulendo mulibe m'pepala la ku ofesi ya mabanja, ndipo Ledys, amene anavomera chilazi, pa zimenezi anangoti, "Zimenezo mukamuuze mwini wake, ali panjapo." Njinga inagulitsidwa. Ogulitsa anatenga zawo, zotsala zinapita kwa Ledys, lendi inalipidwa. Ngongole ina yonse ya mwana inalowa m'pangano latsopano, dzina la Marelvis pamwamba, ndi tsiku lake mwezi uliwonse, ndalama zodzera kubanki, za lisiti. Onse anasaina. Mayi Vergara anati zatha bwino kuposa mmene ankaopera, ndipo mwa malamulo ankanena zoona.

Masiku ano Wilfrido amayendetsa njinga ya eni. Amaitenga m'mamawa, kuibweza madzulo, ndipo mwini wake amafuna ndalama yake ya tsikulo kaya kwagwa mvula kaya kulibe okwera. Thumba la Loweruka linasiya kubwera chifukwa ndalama yake ndi imene imapita kubanki. Ledys akuti tsopano amagona tulo, ndipo sindingamuweruze. Koma Marelvis anasiya kudzera pakona. Anayamba kukwera basi msewu wa kuseri.

Wilfrido sanasiye kudikira. M'mawa uliwonse ankaimika njinga ya eniyo pansi pa mango, chipewa chachikasu chili pachiwongolero, okwera akubwera iye n'kumawalozera kwa anzake. Dzuwa likakwera ankachiika m'chikwama n'kuyamba ntchito, ndalama ya m'mawa itapita kale. Masiku ena madzulo ankachita kubwereka kwa ine kuti akwanitse ya mwini njinga. Dagoberto anasamukira mbali ina ya mtengo.

Tsiku lina ndinapeza kabokosi pansi pa tebulo langa. Munali nsapato zatsopano, za mtundu umene atsikana akuufuna masiku ano. Kaya Wilfrido anadzimana chiyani kuti azigule. Ndinazitumiza kwa Marelvis, ndipo zinabwerera tsiku lomwelo zili m'bokosi mwake. Pamenepo ubatizo kapena ayi, ndinalephera kumeza.

"Kompadre, pakamwa mulibe? Mwanayo simunamulakwire ndi nsapato, munamulakwira ndi mawu. Pitani mukamuuze kuti munachita mantha, munanena zopusa."

"Ndikayambira pati, komadre?"

"Pa pepani."

"Ndikaima pakhomo paja chimanjamanja?"

"Eya, chimanjamanja. Kamodzi kokha m'moyo wanu."

Ndikudziwa kuti anafikako kawiri konse pamsewu wa kwa Ledys, chifukwa anthu anamuona, koma ulendo uliwonse ankabwerera pa mphambano. Bambo ake anamuphunzitsa kutula thumba, sanamuphunzitse zoyankhula thumba likakanidwa. Zimandikwiyitsa, komanso zimandimvetsa chisoni, ndipo sindidziwa kuti chachikulu n'chiti.

Kenako m'mawa wina, mvula itangokata, ndinamuona Marelvis akubwera ndi chikwama kumsana. Anandipatsa moni, ndinamupatsa chitumbuwa chake. Ngakhale Dagoberto anazimitsa injini. Mtsikanayo anapita kwa bambo ake.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mwanawe. Ndadzuka."

Wilfrido anachotsa chipewa pachiwongolero, anachipukuta ndi malaya ngakhale chinali choyera kale, n'kumupatsa. Marelvis anachivala yekha. Asanakwere anatsegula kathumba ka chikwama n'kutulutsa ndalama yapepala.

"Mpaka kusukulu ndi zingati?"

"Marelvis, usatero."

"Mayi andipatsa ya ulendo, pa zimene munatumiza zija. Basi ikumandichedwetsa. Ndikakwera wina ndilipira, ndiye bola ndilipire inu."

"Mwana wanga, ine sindinkatanthauza..."

"Sindikufuna kudzamvanso kuti ndili ndi ngongole, bambo. Mukakana ndikwera ya a Dagoberto."

Sanakweze mawu. Anaima atatambasula dzanja, akuwayang'ana bambo ake m'maso. Mawu amodzi okha akanakwana pamenepo, ndipo ndinawapempherera mumtima. Wilfrido anatsegula pakamwa, anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana m'chiwaya. Atatsekanso pakamwa anailandira ndalamayo. Inali yaikulu, ndiye anapisa m'thumba n'kumuwerengera mwana wake chenji m'manja.

Ananyamuka pang'onopang'ono monga kale. Marelvis anagwira chitsulo cha kumbuyo kwa mpando, ndipo sankalongolola.

Kuyambira tsiku limenelo amabwera m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse amalipira. Wilfrido amafika pakona kusanache bwino, n'kundipempha kuti ndimusinthire ndalama, kuti mwanayo akafika asamupeze alibe chenji.